Foda Imene Ndinaisiya Dala

1

Anthu a kutchalitchi kwathu amati ndine wofatsa, ndipo n'zoona kuti sindilankhula zambiri. Koma chimene ndikuuzeni pano ndinachichita pakamwa pali potseka, ndi chala chimodzi chokha.

Amuna anga ndi ojambula zithunzi. Situdiyo yawo ndi chipinda chimodzi chogawa ndi nsalu. Kutsogolo kuli kauntala ndi kompyuta, kuseri kuli magetsi awiri ndi mpando wamatabwa umene aliyense wodzajambulitsa amakhalapo. Mpandowo uli ndi mwendo umodzi wofupika, ndiye timauchirikiza ndi kakatoni kopinda. Ine malo anga ndi pa kauntala. Ndimalandira anthu, ndimadula zithunzi za ziphaso, ndimapukuta mphuno za ana asanakhale pa mpando. Pakhoma pamwamba panga pali chithunzi cha malemu bambo anga, amene anali mkulu wa mpingo. Anthu akalowa amachiyang'ana n'kunena kuti, "Munthu wa Mulungu uja." Ine ndinkayankha ndi mtima wodzaza.

Kompyuta yathu inali itakalamba. Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, amakonza makompyuta, ndipo mumsewu mwathu amangomutcha Dokotala. Tsiku lina anabwera, anaimvetsera ikulira ngati chigayo, kenako anapukusa mutu.

"Achimwene, sisitimu imene ikuyendetsa makina awa eni ake anasiya kuisamala. Mukugona m'nyumba yopanda loko. Tiikemo ina."

"Nanga zithunzi za anthu?"

"Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Ndikaika yatsopano, zonse za m'katimu zifufutika." Anatulutsa disiki yakuda, yaikulu ngati sopo wosambira, n'kuiika pa kauntala. "Chilichonse chimene mukuchifuna chikopereni umu. Koma ndi yaing'ono kuposa mimba ya kompyutayo, ndiye musankhe, foda ndi foda. Zinyalala zitsale."

Inali nyengo yojambula ana m'masukulu, ndipo amuna anga ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Anatembenukira kwa ine.

"Amake Kamphepo, mtima wanu ndi woleza kuposa wanga. Mundigwirire ntchitoyi."

Kamphepo ndi mwana wathu wamkazi. Dzinalo anampatsa agogo ake aamuna chifukwa sakhazikika malo amodzi.

Ndinavomera. Akunyamula chikwama cha kamera, anawonjezera kuti, "Muli ina yolembedwa kuti Zoyesera Magetsi. Imeneyo muikopere mmene ilili, musavutike n'kuitsegula."

Ananena izi akupukuta galasi la kamera. Galasilo anali atalipukuta kale.

2

Masiku oyamba ntchito inandikomera. Ndinadutsa m'maukwati a anthu amene tsopano salankhulana, m'zithunzi za makanda amene lero amayendetsa njinga zamoto. Zithunzi zosaoneka bwino ndinkazisiya. Zina, ngakhale zinali zakuda, ndinkazikopera ndithu ndikakumbukira kuti mwini wake anamwalira.

Foda ya magetsi ija ndinaidumpha kangapo. Ndinkati ndikaifika, dzanja linkalemera. Masana ena kunja kukugwa mvula, m'situdiyo mulibe munthu, ndinadziuza kuti ndikungofuna kuona kukula kwake. Ndinaitsegula.

Munalibe magetsi. Munali mwana.

Chithunzi choyamba, khanda lalikazi litagonekedwa pa mpando wathu, dzanja la munthu wamwamuna likuligwiririza kuti lisagwe. Chachiwiri, mwana yemweyo atakhala yekha, mapazi osafika pansi. Chachitatu, mano akutsogolo ataguluka. Mpando womwewo, nsalu yomweyo, chaka ndi chaka. Ndipo paliponse dzanja lija linali paphewa pake, koma mwini dzanja anaima kunja kwa chithunzi.

Ndinakulitsa chimodzi, pamene mwanayo anavala juzi yofiira yoluka pamanja. Nsidze zake zinali zokumana pakati pa mphumi. Mutu anaupendeketsa kumanzere, ngati akumvetsera munthu wa m'chipinda china. Ndinayang'ana chithunzi cha Kamphepo chimene chili m'foni mwanga. Nsidze zomwezo. Kapendeketsedwe komweko.

Kenako ndinaona wotchi pa dzanjalo. Lamba wakuda, galasi long'aluka pang'ono m'mphepete. Wotchi imeneyo ndinkaiona m'mawa uliwonse pa mkono wa amuna anga. Ndinawapatsa ine, ndi manja angawa.

Sindinapitirire. Zithunzi zinalipo zina pansi pake, koma ndinali nditaona zokwanira. Ndinasindikiza cha juzi yofiira chija, ndinachilowetsa m'buku langa la nyimbo, ndinatseka foda.

Kasitomala analowa akukunkumula ambulera. "Mayi, muli bwino? Mwayera milomo."

"Ndi mvulayi," ndinatero.

3

Chinthu chowawa n'chakuti amuna anga ndi munthu wokoma mtima, ndipo kukoma mtimako kunapitirira ngati palibe kanthu. M'mawa ankanditenthetsera madzi osamba. Nsapato yanga itamatuka anaimata osandiuza, ndinangoipeza pakhomo itapanidwa ndi njerwa. Kale zinthu zotere ndinkazisunga mumtima n'kumazitchula m'pemphero. Tsopano chilichonse ndinkachitembenuza kuti ndione kunsi kwake. Munthu amene watenthetsa madzi, watenthetsa chifukwa cha chikondi kapena chifukwa cha mlandu?

Ndinayamba kukumbukira tinthu. Tsiku limene ndimapita ku mapemphero a amayi, situdiyo ndimaisiya m'manja mwawo. Bambo anga ali moyo ankakonda kudzacheza ndi mkamwini wawo tsiku lomwelo, ndipo pobwerera ndinkapeza makapu awiri atatsukidwa. Koma kangapo ndinapeza atatu. Ndinali ndisanafunsepo. Tsopano kapu yachitatu ija inandikhala pakhosi. Kodi ankadikira bambo achoke n'kumulowetsa mkaziyo ndi mwana wake? Pa mpando wathu?

Sindinkakhazikika. Ndinkasesa posesa kale. Ndinadula chithunzi cha chiphaso cha munthu wina mpaka khutu linachoka. Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu ankathera pa "Atate", basi.

"Amake Kamphepo," anatero amuna anga tsiku lina m'mawa, ataika kapu pansi mwaulemu, "kodi mchere mu tiyi ndi malangizo a kuchipatala?"

Kamphepo anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke.

"Ntchito ija ikukulemetsani? Nditha kuuza Dokotala adikire."

"Ayi. Yatsala pang'ono."

Funso linali pa lilime. Likanangotuluka, nkhani ino sikanalembedwa. Koma ine ndinaleredwa m'nyumba imene zinthu zolemera sizinkatchulidwa pa tebulo, ndipo ndinkaopa yankho kuposa mmene ndinkaopera kusadziwa. Ndinaganiza kuti ndikawafunsa adzavomera, ndipo akavomera mwanayo adzakhala ndi dzina, ndi amake, ndi malo pakati pathu. Koma foda ikatsala m'kompyuta yakale, Dokotala adzaifufuta ndi manja ake. Ine sindidzakhala nditafufuta kanthu.

Masana amenewo ndinatsegula disiki yakuda ija. Ndinapangamo foda yatsopano, yopanda kanthu m'kati, n'kuilemba kuti Zoyesera Magetsi.

4

Dokotala ali ndi lamulo lake. Safufuta kompyuta ya munthu mwini wake asanaone bakapu, ndiye kuti zimene zakoperedwa pa disiki, ikutseguka pa makina ena. Anabwera ndi laputopu yake, analumikiza disiki, anandikokera mpando.

"Alamu, bakapu imene simunaitsegule ndi mphekesera chabe. Khalani apa tione."

Anatsika ndi mndandanda wa mafoda, akutsegula apa ndi apo. Ukwati wa mwana wa telala unatseguka. Ana a sukulu anatseguka. Zithunzi za maliro a bambo anga zinatseguka, ndipo anazitseka msanga pondimvera chisoni.

"Achimwene anati ndionetsetse ya magetsi. Iyi apa, ilipo." Kamuvi ka pa sikirini kanaima pa dzinalo.

"Tiyi wapsa, alamu," ndinatero. "Shuga masipuni angati?"

"Funso limenelo n'lonyoza. Mukudziwa kuti ine ndimamwa shuga wothira tiyi."

Anaseka, kamuvi kanapitirira.

Atamaliza anaimbira amuna anga, amene anali kusukulu ina kutali, n'kukweza mawu a foni. Kenako anaimirira n'kupinda manja ngati abusa.

"Abale ndi alongo, tasonkhana pano kuti tilekanitse kompyuta iyi ndi moyo wake wakale. Ngati alipo wina wodziwa fayilo imene yatsala, alankhule tsopano, apo ayi akhale chete mpaka kalekale."

"Iwe, usaseweretse za Mulungu," anatero amuna anga pa foni, akuseka. "Amake Kamphepo, zonse zilimo?"

Ndinayang'ana chithunzi cha bambo pakhoma. Ndinachotsako maso.

"Zonse zilimo."

"Basi. Akazi anga akati zilimo, ndiye kuti zilimo. Dinda batani, Dokotala."

Anadinda. Kamzere kanayamba kuyenda pa sikirini, pang'onopang'ono, kuchokera kumanzere. Ndinkayembekezera kuti kakafika kumapeto ndidzapuma. Kanafika. Dokotala anamwa tiyi wake, anayamikira, anapita. Ine ndinatsala ndi kompyuta yoyera ngati mbale yotsuka, ndipo m'chifuwa munali chimodzimodzi.

5

Sisitimu yatsopano inali yachangu, koma zonse zinasamuka malo. Amuna anga ankafunafuna batani lotsekera ngati munthu wofuna chitseko m'nyumba ya eni. "Dokotala wandikwatitsa kwa mlendo," ankadandaula. Zithunzi za pa disiki ankazibwezeretsa pang'onopang'ono, zimene zafunika tsiku limenelo. Ya magetsi ija sanaifike. Ine ndinkadikira tsikulo ngati munthu wodikira zotsatira za magazi.

Linafika Loweruka masana. Amuna anga anali atatuluka kukagula mapepala osindikizira. Mtsikana analowa, wamtali, wovala diresi yosita bwino koma yofupika manja, ngati anaikulira. Anaima patali ndi kauntala.

"Zikomo, mayi. Ajambuli alipo?"

Anapendeketsa mutu kumanzere podikira yankho. Sindinafunikire kuyang'ana nsidze.

"Atuluka. Ukufuna chiyani?"

Sindilankhula choncho ndi makasitomala. Iye anamva, ndipo anagwira chikwama chake ndi manja awiri.

"Ndabwera kudzatenga zithunzi zanga. Anandiuza kuti ndikamaliza sukulu ndibwere, ajambuli adzandipatsa zonse. Mayeso ndamaliza."

"Anakuuza ndani?"

"Bambo anga."

"Bambo akowo sangakupatse okha?"

Maso ake anakwera pakhoma pamwamba panga, anakhalapo kanthawi, anatsika. Ine ndinaganiza kuti akuthawa maso anga.

Pomwepo amuna anga analowa, mapepala ali m'khwapa. Ataona mtsikanayo anaima. Anandiyang'ana ine, anayang'ana iye, anaika mapepala pansi mosamala ngati mazira.

"Wabwera, mwanawe. Wakula." Mawu awo anali otsika. "Amake Kamphepo, pali nkhani imene ndinayenera kukuuzani kale. Koma mwanayu wayenda ulendo. Ndiyambe ndamupatsa zake."

Analumikiza disiki. Anatsika mpaka pa Zoyesera Magetsi. Anatsegula.

Sikirini inali yoyera. Anatseka, anatsegulanso. Anachotsa waya, anauuzira, anaubwezera.

"Mwina sisitimu yatsopanoyi sikuwerenga. Ndimuimbire Dokotala."

"Musamuvutitse," ndinatero. "Sindinakopere."

6

Ndinatulutsa buku la nyimbo m'chikwama, ndinasolola chithunzi cha juzi yofiira, ndinachiika pa kauntala pakati pathu. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawakwezerepo mawu, ndipo ngakhale apa sindinakweze. Mwina kukuwa kukanakhala bwino.

"Mwana uyu akufanana ndi Kamphepo. Dzanja ili lavala wotchi yanu. Ndiuzeni pamaso pake kuti ndikunama."

Amuna anga anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anamasula wotchi pa mkono n'kuiika pambali pake.

"Wotchi iyi munandipatsa liti?"

"Mukudziwa."

"Ndikufuna munene."

"Titabwera ku maliro a bambo."

"Isanakhale yanga inali ya ndani?"

Anandikankhira chithunzicho pafupi.

"Muoneni mwanayu pa chithunzi, mano akungomera kumene. Muoneni lero. Pamene ankajambulidwa apa, wotchi iyi inali pa mkono wa ndani?"

Ndinayang'ananso dzanjalo. Kwa masabata onse aja ndinkangoona wotchi. Tsopano ndinaona chala chaching'ono chopindika, chimene chinathyoka bambo ali mnyamata n'kupola mokhota. Chala chimene chinkanditsatira mizere m'Baibulo pondiphunzitsa kuwerenga.

Ndinakhala pa katoni ya mapepala.

"Nsidze zimene mukunenazo," anatero amuna anga mofatsa, "Kamphepo sanatenge kwa ine. Simudziyang'ana pa kalirole?"

Anandifotokozera mwachidule, maso ali pansi. Bambo anga anabwera kwa iwo mwanayo ali khanda. Anawalumbiritsa kuti asauze munthu. Chaka chilichonse ankabwera naye pa tsiku la mapemphero a amayi, koma ankakana kuti nkhope yawo ioneke. Dzanja lokha.

"Kupatula komaliza. Anali atayamba kale kudwala. Anakhala pa mpando okha, mwanayu ataima pambali, anavula chipewa n'kuyang'ana kamera. Anati, 'Ichi udzampatse akadzamaliza sukulu, adzakhale ndi chosonyeza kuti anali ndi bambo. Mkulu wake udzamuuze iwe ine nditapita. Ine mphamvu ndilibe.' Chinali chithunzi chomaliza m'fodamo." Amuna anga anakweza maso. "Inenso mphamvu ndinalibe. Ndinkati ndikakuonani mukupukuta fumbi pa chithunzi chawo pakhomapo, ndinkati mawa."

Mtsikanayo anali asanasunthe. Analankhula osandiyang'ana.

"Ine ndimakudziwani. Pa maliro ndinaima kumbuyo, kudzuwa, chifukwa sindinkadziwa pokhala. Munatuluka m'nyumba n'kundipatsa madzi akumwa. Munati, 'Imwa mwanawe, ungakomoke.' Ndinkaganiza kuti mwina munadziwa."

Sindinadziwe. Sindinkakumbukira n'komwe.

7

Dokotala anabwera akuthamanga, osanyamula nthabwala. Anatenga kompyuta kupita nayo kwake, anaisunga masiku angapo, anayesa zida zonse zimene ali nazo. Ataibweza, tonse tinalipo, ndi mtsikanayo yemwe.

"Pamene panali nyumba yakale tamangapo ina," anatero. "Ndakumba mpaka pa maziko. Ndapeza tizidutswa ta maukwati, basi. Mlandu ndi wanga, achimwene. Lamulo ndi langa lomwe, koma fodayo sindinaitsegule."

"Munkafuna kuitsegula, alamu," ndinatero. "Ine ndinakufunsani za shuga."

Anandiyang'ana, anakumbukira, anakhala pansi.

Ndinatembenukira kwa mtsikanayo. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'pemphero, koma amene anatuluka anali ochepa. "Sinali ngozi. Ndinkafuna kuti usakhalepo. Ndinakulanda chinthu chimene sindingathe kukubwezera. Undikhululukire, ngati ungathe."

Amuna anga anayesa kuthandiza mwa njira imene amadziwa. "Mwanawe, zithunzi za malemu tili nazo zambiri. Nditha kukujambula lero, n'kukuika pambali pawo. Palibe angazindikire."

"Ine ndingazindikire," anatero mtsikanayo. "Pepani, koma zobisa ndi zonamizira ndakula nazo. Nkhope yawo ndikuikumbukira. Ndinkangofuna kuti ana anga adzaone kuti tsiku lina anakhala pafupi nane osachita manyazi."

Anatenga chithunzi cha juzi yofiira pa kauntala. Chinali ndi mzere pakati, pamene buku la nyimbo linachipinda.

"Ichi n'chokhacho?"

"N'chokhacho."

Chimene ndinachisindikiza kuti chikhale umboni wa mlandu ndi chimene chinapulumuka. Amuna anga anapempha kuti achijambule kaye asanapite nacho. Anachisunga m'kompyuta, pa disiki, ndi pa laputopu ya Dokotala, ndipo paliponse anachitsegula kuti aone. Sanandiyang'ane pochita zimenezi. Mtsikanayo anatsanzika kwa iwo ndi kwa Dokotala. Kwa ine anangogwedeza mutu.

Kunyumba tinadya mwakachetechete. M'mawa mwake ndinadzuka ndili wokonzeka kusamba madzi ozizira. Ndinapeza ndowa pakhomo la bafa, ikufuka nthunzi. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, koyamba chiyambire nkhaniyi.

"Tonse tinatseka pakamwa pamene panafunika kutsegula," anatero amuna anga ali kuseri kwa chitseko. "Sambani, madzi angazizire."

8

Panatsala munthu mmodzi. Amayi anga amakhala okha m'nyumba imene ndinakuliramo, ndipo masana amakhala pa khonde akuluka. Ndinalimbana nazo masiku ambiri. Kuwauza kunali kuwalanda mwamuna wawo kachiwiri. Koma ndinali nditaona kumene kukhala chete kunandifikitsa.

Ndinakhala pambali pawo, ndinawagwirira ulusi monga ndinkachitira ndili mwana. Kenako ndinatulutsa kope la chithunzi chija.

"Amayi, pali chinthu ndikufuna muone. Mulimbe mtima."

Anavala magalasi. Anachibweretsa pafupi, anachitalikitsa. Ine ndinkayang'ana manja awo kuti ndione ngati anganjenjemere. Anayendetsa chala pa juzi ya mwanayo, pa khosi.

"Khosi ili linandivuta," anatero. "Ndinalimasula kawiri. Sindinkadziwa kukula kwa mutu wake."

"Amayi?"

"Koma yamukwana bwino. Taona, ndi manja omwe."

"Munkadziwa?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu. "Mwamuna amene wagona naye nyumba imodzi zaka zonsezo, ungalephere kudziwa tsiku limene wanyamula maswiti m'thumba la jekete? Ndinalira ndekha, ndinakangana ndi Mulungu, osati pang'ono. Kenako kunayamba kuzizira, ndipo ndinaganiza kuti mwana sanalakwe kanthu. Ndinailuka, ndinaiika m'chikwama mwawo. Sanandifunse, sindinawafunse. Madzulo ake chikwama chinabwera chopanda juzi, iwo n'kutsuka mbale, chinthu chimene anali asanachitepo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Iwe? Bambo ako unkawaona ngati mngelo. Ndinati mmodzi m'nyumba muno atsale ndi mngelo wake." Anayang'ananso chithunzicho. "Mwina ndinalakwa. Wakula bwanji tsopano?"

"Wandipitirira msinkhu."

"Ndiye ulusi uwu sukwana." Anatola singano zawo. "Ubwere naye. Umuuze kuti kuli mayi wokalamba amene akufuna kumuyeza mapewa."

9

Mtsikanayo sanabwere nthawi yomweyo. Uthenga woyamba sanayankhe, wachiwirinso. Ndinasiya kulemba zopepesa, ndinangomutumizira mawu a amayi mmene anawanenera. Loweruka lotsatira anafika pa situdiyo, ndipo tinapitira limodzi, tikukhala mipando yotalikirana m'basi. Amayi anamuyeza ndi zikhatho, anamufunsa ngati amakonda mtundu wofiirabe. Anamuonetsa mpando umene bambo ankakhalapo powerenga, ndi kapu yawo yosweka chogwirira. Kapuyo anapita nayo.

Sindikuuzani kuti zonse zatha bwino. Mpaka lero amanditcha "mayi", ngati mmene amatchulira munthu aliyense wa pa kauntala. Kamphepo yekha ndi amene alibe nazo vuto. Anamuyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Anti, mwandibera nsidze." Chithunzi cha bambo chidakali pakhoma. Ndimachipukutabe fumbi, koma anthu akati "munthu wa Mulungu uja", ndimayankha kuti, "Anali munthu, ndipo Mulungu ndi wachifundo."

Inu amene mukuwerenga, mwina mukuti ndinapusa, kuti aliyense akanawerengera zaka za wotchi ija. Mukunena zoona. Ndinali ndi chithunzi m'manja masabata angapo, ndipo chala cha bambo anga chinali pomwepo. Nsanje inandionetsa wotchi yokha. Ndinatsegula foda n'kulekeza pakati, chifukwa ndinkaganiza kuti ndamva kale nkhani yonse. Ngati mwapeza chinthu chimene chakulasani, m'kompyuta kapena m'thumba la jekete, musachite ngati ine. Funsani munthu wanu akadali pafupi, ngakhale mawu akunjenjemera. Funso limapweteka, koma likhoza kuyankhidwa. Chimene ndinafufuta ine palibe Dokotala angachibweze.

Amuna anga apanga foda yatsopano. Saibisanso, yalembedwa dzina la mng'ono wanga. Muli zithunzi ziwiri: cha juzi yofiira, ndi china cha mwezi watha. Wakhala pa mpando uja, wavala juzi yatsopano. Ajambuli anandiuza kuti ndikonze kakatoni ka pansi pa mwendo, ndipo nditakonza ndinkachoka kuti ndisaoneke.

"Imani pomwepo," anatero mng'ono wanga, osatembenuka. "Koma osati dzanja lokha."

Ndinaima. Chithunzicho tachisunga malo atatu, ndipo ndimachitsegula kawirikawiri kuti ndione ngati chilimo.